Limba Limene Ndinalitsitsa

Ana anga, za ubwana wanga ndazilumpha dala. Mulibe chanzeru m'menemo, kupatula kuweta mbuzi ndi kudwala mphere. Ndikufuna ndikusiyireni nkhani ya ntchito, makamaka nkhani imodzi imene mayi anu safuna kuikamba. Mwakhala mukundifunsa chimene anasiyira kuyambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi, iwo amene anayambitsa kwa zaka zoposa makumi awiri. Iwo amakuyankhani kuti ndi chifuwa. Chifuwa alibe. Amene anawachotsa pamalo paja ndine, ndipo gwero lake linali nsanje imene ndinali nayo pa a Makawa. Kuti mumvetse bwino, ndiyambire pamene ine ndi a Makawa tinayambira.

Chaka changa choyamba pa ntchito

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku sukulu ina ya kwa Kuntumanji. Lole imene inanditula kumeneko inatulanso mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, Makawa, ndipo anatipatsa nyumba imodzi yofolera ndi udzu. Katundu wanga anali sutikesi ya malata, mphasa, ndi kachitsulo kamodzi kamene ndinkakasunga ngati dzira. Kachitsuloko timati foloko yochunira. Ili ndi mano awiri, ndipo ukaimenya pabondo n'kuiika pathabwa imalira liwu limodzi lokha, limene oimba amalitcha la, losakwera losatsika, kaya kutenthe kaya kuzizire. Pachigwiriro pake panalembedwa 440, nambala yosonyeza muyeso wa kukwera kwa liwulo. Anandipatsa ndi mphunzitsi wathu wa nyimbo ku koleji, atandiuza kuti pa anyamata onse a chaka chimenecho wa khutu la nyimbo ndinali ine ndekha. Mawu amenewo ndinawakhulupirira kwambiri kuposa mmene anayenera kukhulupiriridwa.

Makawa khutu analibe, ndipo mwini wake angavomere. Ankatha kuimba nyimbo yonse pa kiyi ina mpingo uli pa kiyi ina, nkhope ili bwinobwino, osadziwa kuti wasochera kalekale. Koma anali ndi zimene ine ndinalibe: jekete, Chizungu chosalala, ndi kalembedwe kokongola pabolodi. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine kuipa ndinaipa, nyimbo ndinadziwa, koma palibe amene anandichenjeza kuti wokongola safunika kudziwa kanthu.

Chaka chomwecho kunali mpikisano wa makwaya a masukulu a m'dera lathu. Ndinaphunzitsa ana miyezi itatu, pansi pa mtengo wa mango, mpaka mawu anga anasasa. Kutatsala tsiku limodzi ahedi anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti kukubwera akuluakulu ochokera ku Zomba, ndiye woima kutsogolo kwa ana ayenera kuoneka bwino. Anayang'ana malaya anga amene kolala inali itatembenuzidwa kale kamodzi, n'kunena kuti akatsogolere ndi Makawa, ine ndikangowapatsa ana liwu loyambira n'kukhala pansi. Ana anaimba bwino chifukwa sankamuyang'ana n'komwe Makawayo. Manja ake ankangoyenda okha m'mwamba. Tinapambana. Chanza cha akuluakulu anagwira ndi iye. Titabwerera kunyumba anandigulira botolo la zoziziritsa kukhosi n'kunena kuti ntchito yonse inali yanga, iye anangobwereketsa jekete. Ndikanakonda akanandinyoza. Munthu wokunyoza umadziwa pomugwira, koma wokuthokoza amakusiya ndi mkwiyo wopanda kokautula. Botolo ndinamwa, koma nsanje inayamba tsiku limenelo.

Zaka za kwa Mwambo

Patatha zaka zinayi anatisiyanitsa. Ine anandisamutsira kwa Mwambo, sukulu ziwiri motsatizana, kenako ku sukulu ya kufupi ndi Kachulu kumene nonsenu munabadwira. Za Makawa ndinkangomva m'makalata a ku ofesi: wakwezedwa, wapita ku maphunziro, wakhala hedi, wapatsidwa njinga yamoto. Ine ndinali pa njinga yakapalasa yomweyo, choko chikusowa, ana makumi asanu ndi anayi m'kalasi, ahedi akubwera n'kumapita. Wina ankatilembetsa maina m'buku ndi wotchi m'manja, wina ankakhalira kudoko kugula matemba okagulitsa ku tauni. Onsewo ankandidziwa ngati mphunzitsi wa Sitandade 5 amene amaliza limba kutchalitchi, ndipo palibe amene anaganizapo zondilembera kalata yoti ndikwezedwe.

Limbalo ndilo linali ufumu wanga. Linasiyidwa ndi amishoni akale, lopopa ndi mapazi, ndipo m'kati mwake munali timalilime ta mkuwa, kalikonse ndi liwu lake, mizere iwiri. Pa limba lomwelo ndi pamene ndinawadziwira mayi anu, Esinati. Kuno kwathu kwaya ya amayi siyamba pamodzi. Mmodzi amaponya mzere yekha, enawo n'kuuwakha, ndipo woponyayo akapendeka, kwaya yonse imagwa naye. Mayi anu sankapendeka. Ndinkangowagunda liwu limodzi pa limba, iwo n'kulitola, ndipo pamene nyimbo ikutha anali adakali pomwe ndinawasiya. Pa zinthu zonse za padziko, ichi chokha ndinkadziwa kuti Makawa alibe.

Chaka chimene madzi anabwerera m'nyanja

Mukudziwa kuti nyanja yathuyi imaphwa n'kubwereranso. Chaka chimene inabwerera nditangokwatira kumene, mvula inabwera yaukali, denga la tchalitchi linadontha pamwamba penipeni pa limba, ndipo tinazindikira patapita masabata awiri. Nditatsegula ndinapeza timalilime tambiri tachita dzimbiri lobiriwira. Ndinatsuka, ndinayanika, koma khumi ndi kamodzi tinatsika mawu n'kukana kubwerera. Abusa a nthawi imeneyo analemba makalata kufunsa tatsopano, yankho linali lakuti zinthu zoterozo zinasiya kubwera kalekale.

Kalilime ukafuna kukakweza mawu umapala kunsonga, ukafuna kukatsitsa umapala kutsinde. Ndinayesa kukweza kamodzi ndi lezala. Kanali katadyeka kale, ndipo kanathyokera m'manja mwanga. M'malo mwake ndinalowetsa kena kochokera kumapeto kumene sitinkagundako, koma ndinaona kuti ndikapitiriza nditha limba lonse. Ndiye ndinaganiza zimene mphunzitsi wanga wa ku koleji akanandimenya nazo khofi. Ngati odwala sangakwere kufika pa abwino, abwinowo atsike akapeze odwala. Tchuthi chonse cha sukulu ndinathera m'tchalitchi, zitseko nditatseka, kupala timalilime kamodzikamodzi, toposa zana, mpaka tonse tinagwirizana. Limba linayambanso kulira mokoma, koma lonse linali litatsika. Silinatsike kiyi yathunthu, linakhala penapake pakati pa kiyi ndi inzake, pamalo popanda dzina.

Anthu anayamikira. Ankati limba la a Naphiyo lapsa, likumveka ngati latsopano, ndipo abusa ananditchula pagome. Sindinauze munthu aliyense chimene ndinachita. Popeza m'dera lonselo munalibe chida china choti n'kufanizira, bodza langa linalibe mboni, kupatula foloko ija. Ndinaikulunga m'sokosi n'kuiponya pansi pa sutikesi.

Chaka chimene a Makawa anadzakhala bwana wanga

Kutatsala zaka zisanu kuti ndipume, tinamva kuti kukubwera hedi watsopano. Njinga yamoto itaima pasukulu, wotsikapo anali Makawa, atanenepa, imvi zitamukhala bwino ngati anachita kugula. Anandikumbatira pamaso pa ana. Munthu amene ndinkagona naye nyumba imodzi, kumuitana kuti iwe, tsopano ndinayenera kumati a Makawa, ahedi, n'kumagogoda ndisanalowe. Iwo ankandiletsa, amati tisiye zimenezo, koma ine ndinkagogoda dala mwamphamvu.

Anabwera ndi zida zimene anaphunzira kugwiritsa ntchito ali ku tauni: laputopu, sola, masipika awiri, ndi kiyibodi yaing'ono imene payokha silira. Mawu onse anali m'kati mwa laputopu, mu pulogalamu ina. Akagunda kiyibodi, laputopu inkayankha ngati piyano, akasintha inkayankha ngati gitala ya besi, malipenga, ngakhale limba. Munthu wopanda khutu uja tsopano anali ndi gulu lonse la oimba m'chikwama. Kwaya ya achinyamata inamuthamangira. Ine anandisiyira nyimbo za m'buku ndi kwaya ya amayi, ndipo mpingo ukamatuluka, anthu ankaunjikana kumbali kwake, ine ndikutseka limba ndekha.

Tsiku loyamba kuliza zidazo m'tchalitchi, mawu ankadukaduka n'kumathetheka ngati matemba pamoto. Ndinapita kunyumba kukhosi kuli mbee. Koma Lamulungu lotsatira zinali zitatha, ndipo a Makawa, mwa chizolowezi chawo chija, anandiitana kuti andifotokozere. Akuti laputopu ikamayendera batire imadziumira mphamvu, ndiye iyenera kulumikizidwa ku sola, mapulogalamu ena onse atsekedwe, ndipo pali nambala ina yoti ukaikweza makinawo amakhala ndi mpata wokonza mawu asanawatulutse. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse tikaweruka ankandikhazika pambali pawo kuti ndiphunzire. Ndinkakhala manja nditapinda, nkhope yosonyeza kuti ndikungowalemekeza, koma maso anga sankaphonya kanthu. Tsiku lina atatsegula piyano ya m'laputopumo ndinaona kabokosi kakang'ono pakona, kolembedwa 440. Ndinawafunsa kuti n'kachiyani. Anati sakudziwa, sanakakhudzepo. Ine ndinadziwa, ndipo sindinawauze.

Chaka changa chomaliza

Chaka chimene ndinkapuma, kwaya ya amayi inafuna kujambula nyimbo zisanu ndi zitatu, chimbale choti akapite nacho ku msonkhano waukulu wa amayi ku Zomba. Anapempha a Makawa. Iwo anafotokoza mmene zidzayendere: amayi adzaimba okha m'tchalitchi Loweruka m'mawa, maminibasi asanayambe kuliza mahutala, ine ndidzangowapatsa liwu loyambira pa limba, kenako iwo adzatenga mawuwo kunyumba n'kumaikamo piyano ndi besi pang'onopang'ono. Asanamalize kufotokoza ndinali nditaona kale dzenje. Amayi adzaimba pa liwu la limba langa lotsika, laputopu idzaliza pa 440, ndipo ziwirizo sizidzakumana. Kunena kunali kosavuta. Koma kunena kunatanthauza kuulula kuti limba limene ndinadziguguda nalo pachifuwa zaka zonsezi linali lonama, n'kuululira munthu ameneyo. Komanso, ndisakunamizeni, ndinkafuna ndione a Makawa atagwa kamodzi kokha m'moyo wanga. Loweruka litafika ndinagunda liwu, mayi anu analitola, ndipo anaimba bwino kuposa tsiku lina lililonse limene ndikukumbukira.

Patatha sabata a Makawa anatiitana kudzamvera nyimbo yoyamba mu ofesi yawo. Piyano inayamba bwino. Kenako panalowa mawu a mayi anu, okha, ndipo anamveka ngati munthu wotopa amene akulephera kufika pamwamba. Amayi onse anali otsika chimodzimodzi, koma iwo ankabisika m'gulu ndi m'phokoso la besi. Woponya mzere analibe pobisala. Amayi anayamba kuyang'anana. Wina anatsokomola.

A Makawa sanagone nayo nkhaniyo. Anatsitsa zida zonse ndi kiyi imodzi, mawu a mayi anu n'kumveka okwera. Anabwezera, n'kumveka otsika. Anakayikira kagudumu ka pambali pa kiyibodi kamene kamapinda mawu, kuti mwina kanakakamira, anakapukuta, osasintha kanthu. Anasintha waya, anasintha piyano n'kuikapo malipenga, anachotsa pulogalamu yonse n'kuiikanso. Anakwera minibasi mpaka ku Zomba kukafunsa munthu wina wa situdiyo, amene anamvera theka la nyimbo n'kunena kuti makina sanama, vuto ndi woimbayo. Atabwerako anandipeza m'kalasi nthawi ya buleki, maso atafiira.

"A Naphiyo, inu muli ndi khutu. Ine ndilibe, mukudziwa. Chalakwika n'chiyani?"

"Ine ndi wa limba lakale, ahedi," ndinatero. "Za makompyuta ndi zanu."

Anandithokoza n'kutuluka. Ndinafufuta bolodi ndikuimba kamluzu.

Masabata atatu anadutsa chomwecho. Nkhani inafika kudoko ndi kuchigayo kuti mawu a mayi a Tiyese, mayi anuwo, atha, ukalamba wawapeza, limba lakale ndilo linkawabisa. Kunyumba mayi anu anasiya kumwa madzi ozizira. M'mawa uliwonse ankasinja jinja, kufinyira ndimu, n'kudzakhala pakhonde moyang'anana ndi ine, kumwa pang'onopang'ono nkhope itakwinyika. Masana akamapeta mpunga kuseri ndinkawamva akubwereza mzere womwewo, kuukweza, kuukwezanso, mpaka kutsokomola. Ndinkadziuza kuti ndinena mawa. Ndinkadziuzanso kuti sindikulimbana ndi iwo, ndikulimbana ndi a Makawa, ndipo zonse zikadzaululika ulemu wawo udzabwerera wokha. Munthu wansanje sasowa zifukwa.

Lachinayi la sabata yachitatuyo kunabwera amayi apampando a kwaya. Anakhala pamphasa, anafunsa za ana, za mpunga, za mwendo wanga, kenako anafika pa chimene anadzera. Anati amayi akambirana, masiku a msonkhano ayandikira, ndiye Loweruka mizere yoponya adzaimbenso ndi mayi Saizi, aja ogulitsa matemba, kuti mayi a Tiyese apumeko. Mayi anu anayankha kuti zikomo, amva, kwaya si ya munthu mmodzi. Anawaperekeza mpaka kumsewu, atabwerako anakaanula mpunga. Ine ndinali pampando pomwepo ndi nyuzipepala yakale, ndipo ndinamva zonse. Mungaganize kuti pamenepo ndinadzuka. Sindinadzuke. Ndinawerengera kuti mayi Saizi akadzaimba motsatira piyano, kwaya yowayankha idzamveka yotsika, a Makawa adzasowa wina womuloza chala, ndipo aliyense adzaona kuti wolephera ndani. Kunatsala masiku awiri okha, ndinati ndipirire.

Loweruka lija

Zinayenda monga ndinawerengera. Mayi Saizi anavala mahedifoni, anamvera piyano, anaponya mzere wogwirizana nayo bwinobwino. A Makawa atauphatikiza ndi kwaya imene inajambulidwa kale, zinamveka ngati mipingo iwiri yoyandikana ikuimba nyimbo imodzi mosauzana. Anayesa nyimbo yachiwiri, chimodzimodzi. Anavula magalasi, anapukuta nkhope, n'kutembenukira amayi amene anali atadzaza mabenchi.

"Amayi, ndakutayitsani nthawi. Ndalephera. Sindikudziwa chimene chalakwika."

Mawu amenewo ndinawadikira zaka zoposa makumi atatu. Ndinkaganiza kuti tsiku limene ndidzawamve ndidzavina. Ndinatembenuka kuti ndione nkhope za anthu, ndipo palibe amene ankawaseka a Makawa. Amayi ankawamvera chisoni, ena akuwauza kuti ayesetsa. Maso anga anagwera pa benchi lachitatu. Mayi anu anali pamenepo pakati pa a alito, pamalo pamene sanakhalepo chiyambire, manja ali pamiyendo, atavala yunifolomu imene anaisita m'mawa umenewo kuti adzaonerere wina akuimba mizere yawo. Manyazi amene anandigwira sindingathe kuwalemba. Ndinatuluka osatsanzika, ndinakwera njinga, ndinakakhuthula sutikesi yonse pansi, ndipo ndinabwerera ndi sokosi m'thumba.

Ndinapempha kuti onse akhale chete. Ndinamenya foloko pabondo, ndinaiika pathabwa la limba, inalira. Ndinapopa n'kugunda la. Mawu awiri oyandikana koma osafanana akakumana amamenyana, pamamveka kunjenjemera, wowowo, ndipo tsiku limenelo ngakhale a Makawa anakumva. Ndinawauza kuti agunde la pa kiyibodi yawo. Inagwirizana ndi foloko ngati mapasa. Pamenepo ndinafotokoza zonse, za denga, za dzimbiri, za lezala, ndi kuti kuyambira chaka chimenecho mpingo wonse wakhala ukuimba pakati pa makiyi. Ndinati woimba sanalakwe, makina sanalakwe, wonama ndi limba langa. Kusintha kiyi sikukanathandiza chifukwa kumadumpha sitepe yathunthu, pamene ife tinali pakati pa masitepe.

Ndinawalozera kabokosi ka 440. Ndinagwira la pa limba, iwo anagwira la pa kiyibodi, n'kumatsitsa nambalayo imodziimodzi. Pa 437 kunjenjemera kunali kudakali kwa liwiro. Pa 433 kunayamba kuchedwa. Pa 431 kunkangoyenda ngati bwato pamadzi odekha. Pa 430 kunaima, ndipo ndinakweza dzanja. Ataliza nyimbo, piyano inakhala bwino koma pansi pankamvekabe zolimbana. Tinafufuza n'kupeza kuti chida chilichonse m'pulogalamumo chili ndi kabokosi kakekake, ndipo besi inali idakali pa 440. Tinatsitsa besi, tinatsitsa malipenga. Atatseka nyimboyo n'kutsegula yachiwiri, zonse zinabwerera pa 440, ndiye tinaphunzira kuti nyimbo iliyonse iyenera kutsitsidwa payokha n'kusungidwa. Zinatitengera mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza a Makawa anachotsa mizere ya mayi Saizi n'kubwezeretsa ya mayi anu. Mawu omwewo amene anthu ankati atha anakhala pamwamba pa piyano osagwedera ngakhale pang'ono. Amayi ena analira. Mayi Saizi anali oyamba kukawagwira dzanja mayi anu.

Ndinkayembekezera kuti a Makawa akwiya, ndipo ndinali wokonzeka, chifukwa mkwiyo wawo ukanandipepuza. Koma anapita pa limba, anatsegula chivindikiro, anayang'ana timalilime tija nthawi yaitali, n'kunena pamaso pa onse kuti munthu wochuna zonsezi ndi lezala ndi khutu lokha sanamuonepo, ndipo dzina langa lilembedwa pachikuto cha chimbale. Ngakhale pa tsiku la kugwa kwawo anandiposa. Kenako anandifunsa, mopanda kukayikira kulikonse, kuti ndazindikira liti.

"Lero lomwe, ahedi," ndinatero. "Pamene mayi Saizi amaimba."

Anakhulupirira. Onse anakhulupirira.

Pobwerera kunyumba ndinkakankha njinga, mayi anu akuyenda pambali, njira ya m'minda ya mpunga. Ndinkalankhula ndekha, za besi, za makabokosi, za mmene chimbale chidzamvekere ku Zomba. Ndinati tsopano amayi apampando abwera kudzapepesa, malo a mayi anu abwerera. Titadutsa pamjigo, mayi anu anandidula mawu.

"Bambo a Tiyese," anatero, osandiyang'ana. "Zoti limba munalitsitsa ndinadziwa Lamulungu loyamba lomwe, chaka chija. Nyimbo zonse zinafewa pakhosi. Ndinaona kuti simukufuna zidziwike, ndiye ndinakusungirani."

Ndinaima ndi njinga.

"Za kompyuta sindizidziwa," anapitiriza. "Koma nkhope yanu ndimaidziwa. Tsiku limene tinkamvera mu ofesi muja, mawu anga atalowa, inu munamwetulira."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene okha, bwanji anadzivutitsa ndi jinja masabata atatu akudziwa kuti pakhosi palibe vuto.

"Jinja ndinkamwera inu. Ndinkati mwina mukandiona muchita manyazi." Anakonza mpango kumutu. "Ndikanatha kupita kwa ahedi ndekha. Koma ndinkafuna ndione ngati mwamuna wanga anganene."

Sanakweze mawu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Titafika kunyumba anatola zovala zimene ndinamwaza pansi n'kuzibwezera m'sutikesi.

Chimbale chinapita ku Zomba ndipo chinayamikiridwa. Ndi chomwecho muli nacho m'mafoni mwanumo, ndipo amene mumamva akuponya mizere ndi mayi anu. Amayi apampando anabweradi kudzapepesa, kawiri, abusa anabweranso, a Makawa anabwera ndi akazi awo. Onsewo mayi anu anawalandira bwino n'kuwauza za chifuwa. Ine ndinapepesa kangapo konse, ndipo nthawi zonse amandiyankha kuti zinatha. Ndinapuma ntchito miyezi iwiri pambuyo pake. A Makawa anandikonzera phwando labwino, ndipo mpaka lero sakudziwa kuti vutolo ndinkalidziwa kuyambira pachiyambi. Kope limeneli mukawerenga, mmodzi wa inu akawapatse.

Lamulungu lotsatira Loweruka lija, nthawi ya kwaya ya amayi itakwana, amayi anaimirira, mayi Saizi atabwerera kumalo kwawo kumbuyo, kutsogolo atasiya mpata. Ndinapopa limba n'kugunda liwu. Palibe analitola. Ndinagundanso, n'kuligwira nthawi yaitali mpaka mapazi anatopa. Mayi anu anali pa benchi lachitatu, maso ali m'buku la nyimbo limene amalidziwa lonse pamtima. Amayi apampando anakodola mayi Saizi, iwo anabwera kutsogolo n'kuponya mzere, ndipo mayi anu anayankha pamodzi ndi a alito.